Kanjira ka Njinga

Foni yalira teni koloko usiku,
ndili kwathu ku Kapata, nsapato ndavula kale.
"A Nyendwa, waifayi yafanso ku hositelo ya anyamata."
Sinafe, ndikudziwa. Yangotopa, ikupuma wefuwefu.

Ndapalasa kukwera chitunda, chikwama cha zida kumsana,
mphepo ya Juni ikutsika ku Kanjala
ngati ndili nayo ngongole.

Chipinda nambala seveni chikununkha sokosi ndi kapenta wa dzulo.
Anyamata asanu pa mabedi awiri,
maso onse pa laputopu yong'aluka pakona.
Yotamu wagwira kosewerera ngati wagwira njiwa yamoyo.
"Taonani. Ndikati ndimenye mpira, mwendo ukukana.
Ndikaphethira, andimwetsa kale ziwiri."

Wosewera wa pagalasi waima chilili pakati pa bwalo,
mwendo umodzi m'mwamba ngati kakowa,
kudikira uthenga umene wakodwa penapake
panjira yaitali ya mawaya.

Lolemba kumsonkhano bwana wa zachuma anagogoda tebulo:
"Tsekani magemuwo.
Makolo anagulitsa mtedza ndi thonje
kuti ana adzaphunzire, osati adzachezere mpira wabodza."
Ndinalemba m'kope. Sindinayankhe.

Koma manambala amadutsa m'manja mwanga.
Gemu imajompha ngati timba,
pang'onopang'ono, pafupipafupi.
Akumeza osatafuna ndi mafilimu,
ndi mafoni makumi asanu odzikonza okha mumdima
eni ake akuliza mkonono.
Gemu sifuna nkhokwe.
Ifuna kungodutsa msanga.

Ndakwera makwerero pakhonde.
Kabokosi koyera kali kudenga, akangaude amangapo mudzi,
kakuphethira diso lake lobiriwira,
kokhakokha kusenza zipinda makumi atatu,
kuboola makoma a njerwa zootcha
omangidwa anthu akulemberanabe makalata.

Pansi pa makwerero pafika Zelipa wa hositelo inayo,
laputopu m'chitenje ngati khanda.
"Asayimenti yanga atseka thwelofu koloko.
Awa azisewera, ine ndilephere?"
Nayenso akunena zoona.
Usiku uno aliyense akunena zoona.

"Ukusewera ndi yani?" ndafunsa Yotamu nditatsika.
Sanachotse maso pagalasi.
"Akulu anga. Ali ku Solwezi, kumigodi.
Chiikireni maliro a atate sitiimbirana foni,
nkhani ya munda wa ku Chiparamba ija.
Koma Lachisanu lililonse amalowa.
Sanena kanthu.
Amangondimwetsa zigoli."

Anzake aja akhala chete.
Wina akukanda chidendene.

Msewu wa ku Lusaka ndiudziwa bwino:
malole a feteleza, mabasi osadziwa buleki,
ndiye m'mphepete mwa tala kanjira kopyapyala
kamene njinga zinadzitsegulira zokha,
za makala, za nkhuku, za mayi wopita kusikelo.
Palibe anakajambula pamapu.
Palibenso anakatseka.

Ndakhala pa ndowa yovundikira, ndatsegula makina.
Asayimenti itsogole ngati ambulansi.
Mafilimu afole ngati malole pa Mwami,
adzaoloka tambala akalira.
Ndipo m'mphepete, kanjira,
kokwana tayala limodzi basi.

Kakowa uja waponda pansi.
Mpira wagubuduka.

Zelipa wayang'ana kamzere kake kakudzaza,
kadzaza,
wapinda chitenje, wapita osatsazika.
Sindinabwerere zikomo.

Yotamu wagonja zinayi kwa chimodzi.
Chimodzicho wachikuwira mpaka mlonda waunika tochi pazenera.
Kutali uko, munthu amene sindidzamuona
wadina batani lakuti tibwerezenso.

Ndabweza makwerero kusitolo.
Kutsika chitunda njinga ikuyenda yokha,
agalu a ku Mchini akuyankhana,
zala zanga zauma pachiwongolero.

Lolemba bwana adzafuna lipoti.
Ndalikonza kale m'mutu, mizere iwiri:
Vuto: fumbi ndi akangaude pa kabokosi.
Lakonzedwa.