Liwu Limodzi, Ntchito Ziwiri

Ntchito yanga kuno ku Calama ndi kudula mkuwa.
Osati ndi sowo.
Ndimaukoka.

M'mawa uliwonse a kung'anjo amanditumizira timitengo tofiira,
tonenepa ngati chala changa chamkombaphala.
Ndimalembapo timadontho tiwiri,
mamilimita makumi asanu pakati pake,
kenako nsagwada za makina zimaluma uku ndi uku
n'kuyamba kusiyana pang'onopang'ono
ngati anthu awiri amene aleka kupatsana moni.

Poyamba mkuwa umalola mwaulemu.
Mutaumasula pomwepo, ubwerera mwakale
osasunga mangawa.
Koma pali malire ena amene maso saona.
Ukangowadumpha, basi, sudzafupikanso.
Umatanuka, umaonda,
pakati pamabadwa kakhosi,
kenako thyo!
Mawindo a labotale amanjenjemera.

Zidutswa ziwirizo ndimazigunditsa pathebulo
ngati ndikuzipepesa,
n'kuyezanso timadontho tija.
Tatalikirana ndithu.
Ndimalemba pafomu: makumi anayi pa zana.
Mkuwa wabwino umenewo.
Woipa ndi uja woduka osachenjeza.

Mlongo wanga Eleuterio amatsuka magalasi
a telesikopu pamwamba pa phiri,
kumene mvula imabwera ngati mlendo wosochera.
Lamlungu anatsika m'bandakucha, milomo itang'ambika ndi chisanu,
n'kundidzutsa khofi asanawire.
Tuluka, Rosalba, tambasula mkono.
Yambira apo pakufiira, pamene dzuwa labisala,
uwerenge zibakera mpaka pa Nthanda.

Chimodzi, ziwiri, zitatu, zinayi,
ndi kachidutswa.

Yafika pothera, anatero.
Madigiri makumi anayi ndi asanu n'kanthu.
Kupitirira apa siingathe.
Akatswiri kuphiri kuja amati elongación.

Ndinaseka mpaka galu wa aneba anauwa.
Liwu lomwelo lili pafomu yanga,
m'kabokosi kachitatu kuchokera pansi!

Iye sanaseke. Anati mtunda umenewu ndi wa maso athu okha.
Nthanda sinathawe dzuwa,
ikungozungulira njira yake ya masiku onse.
Ndife, poima pathu pano,
amene tikuona mpata.
Ikakhala pafupi ndi dzuwa imamira m'kuwala,
ungaifune mpaka misozi.
Imaoneka bwino ikapatuka.

Sanatchule Yanira.
Inenso sindinamutchule.

Chaka chachitatu chino mwana wanga ali ku Punta Arenas,
kumene dziko lathu lalitalili limathera m'madzi ozizira.
Amawotcherera zitsulo za sitima.
Ali m'nyumba muno tinkangokangana
za mbale, za chitseko, za mnyamata wa njinga yamoto.
Sindinkamuona.
Tsopano akaimba foni Lachinayi usiku
ndimamva zonse:
chifuwa chimene akubisa,
kuseka kwa bambo ake malemu pamapeto a mawu,
mphepo ya kumwera ikumenya malata.

Ndiye ndiuze, Eleuterio,
iwe wodziwa zakumwamba:
chili pakati pa ine ndi iye n'chiyani?
Ngodya, imene idzatsekeka yokha miyezi ikakwana?
Kapena mkuwa, umene wayamba kale kakhosi
ine ndikuuyamikira kuti ndi wolimba?

Anangoyasamula. Anagwira ntchito usiku wonse.
Dzuwa linatuluka n'kumeza Nthanda,
fumbi la kumgodi n'kuyamba kukwera.

Lolemba ndinaika kamtengo koyamba m'nsagwada.
Manambala anayamba kuthamanga.
Asanafike pamalire paja
ndinadina batani lofiira.
Makina anapumira m'mwamba, n'kumasula.
Ndinayeza: makumi asanu, ndendende,
ngati sikanakokedwepo.

Bambo Ovalle anasuzumira pakhomo.
Bwanji sindinamve kulira?
Ndinati makina anadodoma.
Pafomu ndinasiya kabokosi kachitatu kopanda kanthu.

Kamtengo kaja kali m'thumba la ovolosi yanga.
Ndikamayenda kamandigunda pantchafu,
timadontho tiwiri tija
tikadali pomwe ndinatilemba.