Pakati pa Giya Yoyamba ndi Yachiwiri

Loweruka usiku, kumadzulo kwa Joni,
kumene milu ya dothi la m'migodi imayera pamdima,
ndagwada pambali pa galimoto ya Moeketsi,
koyezera mpweya kali m'dzanja.
Chisanu cha Julaye kuno sichichita manyazi.
Phula lauma gwa, lazizira ngati sipanala ya m'mamawa,
ndipo tayala lozizira silidziwa kuluma.

Ndinamuuza kugalaja ku Booysens, ndamuuzanso pano:
ukamachoka m'giya yoyamba kulowa yachiwiri
usadumphe pa kalachi ngati waponda khala.
Lipatse tayala mpata ligwire pansi,
kenako ponda moto mmene ungafunire.
Iye wangoseka, dzino lagolide ng'ani ng'ani,
akuti Mmalawi iwe umaopa phokoso.
Phokoso sindiliopa ine.
Ndimangodziwa mtengo wake.

Nyali zatsika, yachikasu, yachikasu, yobiriwira,
galimoto ziwiri fwamphu!
Liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi,
ndipo ayambiradi limodzi, mphuno ndi mphuno,
mpaka dzanja lake litakoka giya.
Pamenepo ndamva chimene ndimachiopa:
tswiii,
matayala akumbuyo akupalasa ngati nkhuku padzala,
injini ikukuwa, galimoto ikuvina chiuno,
utsi woyera tolo.
Anthu pampanda akuimba malikhweru,
wina waponya chipewa m'mwamba.
Ine ndagwira kukamwa.
Mnzake wa ku Lenasia sanalize tayala ngakhale kamodzi,
wangopita phee ngati munthu wothawa ngongole.

Mamita mazana anayi ndi kamtunda kochepa,
mwana wotumidwa mchere amakayenda osatopa,
koma kapepala ka nthawi sikanama:
masekondi khumi ndi awiri ndi kachidutswa pamwamba.
Kachidutswako ndi kamene kanapsa pa phula,
kakang'ono kuposa kuphethira,
komabe kokwana galimoto ziwiri kutalika kwake.

Ndimakadziwa kachidutswa kameneka.
Nditatsika basi pa Park Station, thumba limodzi paphewa,
ndinali ndi moto wochuluka kuposa injini iyi.
Zaka zitatu ndinazungulira pamalo amodzi,
kutsuka magalimoto a anthu ku Mayfair,
kuima pamzere wa mapepala kuyambira tambala woyamba,
thukuta lambiri, phokoso lambiri,
mkazi wanga Ndaziona ku Mponela akufunsa pafoni
ngati ndayamba kusuntha.
Ndinkati inde, ukumva mmene ndikulirira?

Moeketsi wabwera, chisoti m'khwapa, nkhope yagwa.
Sindinanene kuti ndinakuuza.
Ndangogwada, ndaphwetsa mpweya pang'ono,
tayala likhale chofutukuka ngati phazi la mlimi,
ndapapasa mpira ndi chikhatho, ukadali wofunda,
tinyenyeswa takuda tamatirira ku zala.
Tayala limodzi lotere ndi lendi yanga ya miyezi iwiri,
ndipo theka lake talisiya apo, mizere iwiri yakuda
imene mawa dzuwa lidzaiwerenga lokha.

Ulendo wachiwiri.
Nyali yobiriwira, fwamphu,
ndatseka maso kuti ndimve bwino.
Yoyamba yatha. Kampata, kakang'ono ngati kumeza malovu.
Yachiwiri yalowa, tayala langoti tswi, n'kuluma.
Yachitatu yalowa bwinobwino ngati kiyi pachitseko cha kwanu.
Pampanda palibe waimba likhweru.
Mayi wogulitsa soseji sanadzutse n'komwe mutu.

Kapepala kabwera, kachidutswa kaja kachepa.
Wa ku Lenasia watiposabe, ndi mphuno yokha,
injini yake ndi ya ndalama zina, tisanamizane.
Moeketsi wakayang'ana kapepalako nthawi yaitali
n'kunena kuti koma sizinakome,
palibe amene wationa.
Ndakapinda kanayi, ndakaika m'thumba la ovolosi,
mmene muli lisiti la ndalama zimene ndatumiza dzana,
ndayamba kutolera masipanala.
Mawa ndi Lamulungu, koma bokosi la magiya likudontha oilo.