Mawindo a Bożydar

Chitulukireni m'chipatala, zala za Bożydar sizimvana.
Akati adine "inde" pa foni
chala chimakatera pa "ayi",
foniyo n'kuiponya pa sofa ngati yamuluma.
Munthu amene kwa zaka makumi atatu ndi zinayi
ankayendetsa kireni padoko la Gdańsk,
kutsitsa chitsulo cholemera ngati nyumba
pamalo osaposa mbale iyi,
lero kabatani kochepa ngati njere ya mpiru
kakumulepheretsa kuimbira mng'ono wake.

Jagoda anabwera Loweruka, chipale chofewa chili pamapewa,
bokosi m'khwapa.
"Valani magalasiwa, bambo. Zonse za m'foni mwanu zalowa umu.
Muziyang'ana chimene mukufuna, kenako mutsine mpweya."
Mutsine mpweya!
Ndinaseka mpaka supu anasefukira pamoto.

Tsopano m'mawa uliwonse ndimadya ndi mlendo.
Theka la nkhope ndi la mwamuna wanga,
theka linalo ndi galasi lakuda
momwe ndimadzionamo ndekha, wamfupi, mphuno yotupa.
Amatola zosaoneka m'malere
ngati wothyola zipatso mumtengo woti unadulidwa kalekale.

Akuti nyuzipepala waipachika pamwamba pa firiji.
Zanyengo zili pachitseko cha kubafa.
Pulogalamu ya mankhwala, imene imalira naini koloko,
waikhomera pakona pomwe sayang'anako.
Koma ya sitima, iyo yokha,
yoonetsa timadontho toyenda panyanja ya Baltic,
waitambasula pawindo lenileni, kukula ngati chitseko,
ndipo amandiitana: "Halszka, ya ku Rotterdam ikulowa,
yachedwa ndi maola asanu."
Ine ndimaona katani ndi nkhunda ziwiri.

Mapulogalamuwo sadziwa kuti anasamuka.
Amayesa akadali m'thumba la jekete.
Ina inamuuza kuti, "Tembenuzani foni yanu chopingasa,"
iye napendeketsa mutu ngati mbalame yomvetsera nyongolotsi.
Ina inati, "Gwedezani foni kuti mufufute."
Anapukusa mutu mwamphamvu
mpaka ndinayesa matenda aja abwereranso
ndipo kapu inandipulumuka.
Ya kubanki inakaniratu kwamtuwagalu.
Ikufuna chala chenicheni pagalasi lenileni,
ndiye imeneyo ndimadina ndine pa foni yakale ija,
iye akunditchulira manambala.

Lachitatu ndinaima patsogolo pake ndi mbale ya mbatatesi.
Ndinanena za lendi, za bondo langa,
za Jagoda amene sakugona masiku ano.
Ankangoti "ee, ee."
Ndinafunsa, "Kodi ukundiona?"
Zii.
Kenako: "Dikira, tchesi yakuphimba kumaso."
Anakweza dzanja lonjenjemera lija,
natsina penapake pafupi ndi tsaya langa,
nakokera pambali pang'onopang'ono,
lilime lili pakati pa mano,
mmene ankadutsitsira katundu pamwamba pa mitu ya anzake.
"Eya," anatero. "Wadulitsa tsitsi."
Ndinadulitsa sabata yatha.

Batire silipirira kuposa maola awiri.
Likatha, mawindo onse amazima pamodzi,
sitima, nyuzipepala, mafumu a tchesi,
ndipo amavula chigobacho ngati wovuuka m'madzi.
Pamphumi pamatsala mzere wofiira
womwe ndimaupaka mafuta ndi chala chachikulu.
Maso ake amaphethira, kusakasaka potera,
pafiriji palibe, pachitseko palibe,
pawindo pali katani wofunika kuchapa.

Dzulo, magalasi ali pa chaja,
ndinamupeza kukhitchini ataima njo,
akuyang'anitsitsa ketulo,
zala ziwiri zikutsina mpweya, kachiwiri, kachitatu.
Sindinaseke.
Ndinazembera kumbuyo kwake
n'kudina batani la pakhoma.
Ketulo itayamba kulira
anatembenuka, nandiyang'ana ndi maso ake onse awiri,
nati, "Waona? Imeneyinso ikugwira ntchito."