Dimba la m'mbali mwa Nasolo

Pano panali padzala.
Majumbo, mabatire akutha, nsapato ya kumanzere yokha.
Tinafosholapo masabata atatu, anthu asanu ndi anayi,
ndi wilibala yobwereka kwa Che Ajibu
imene tayala lake linkalira ngati lili m'siwa.

Oyandikana nafe anati: dzalani mpiru, dzalani tomato,
zolowa m'mimba.
Ife tinadzala bango.
Kuseka kwake kunamveka mpaka ku Goliyo.

Elube anabwera ndi mizu ya mlulu m'chitini cha penti
kuchokera kwawo ku Phalombe;
kondakitala analipiritsa chitinicho ngati munthu.
Mbewu za mgwalangwa zinachokera ku Nchalo,
zouma gwa ngati miyala ya m'phiri la Ndirande.
Tinazikwirira. Chaka chathunthu, zii.

Ine ndinatha zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri ku Makata
pa makina oluka nsalu,
khutu lakumanja linatsalira komweko.
Sindinkadziwa kuti zala zanga ndi mbuli.
Bango loyamba kuling'amba linanding'amba ineyo,
magazi pa mphasa isanakhale mphasa.

Madzi a mu Januwale anatenga theka la dimba.
Anatenganso kamlatho, ndi bafa la a Nampuluma.
Koma pamene bango linagwira, nthaka sinagumuke.
Oseka aja anabwera m'mamawa, manja kumbuyo,
kuyang'ana, kutsokomola.
Mmodzi anapempha mizu iwiri.

Loweruka timakhala mumthunzi wa chikwangwani cha sopo,
singano zathu ndi masipoko a njinga osulidwa.
Timakangana za ndalama ya chingwe,
za yemwe sanathirire Lachitatu.
Ana amabwera kudzaona mipeni,
ena amaiwala kubwerera.
Dunika, wa Sitandade 6, amasoka mowongoka kundiposa
ndipo sabisa.

Mphasa yanga yoyamba inapotoka ngati njira ya ku Makheta.
Kumsika anaifunyulula, anaipindanso.
Ndimagonapo ndekha.
Usiku imanunkha mtsinje
mmene unkanunkhira tisanauthire zonse zija.

Dzana mgwalangwa umodzi watulutsa tsamba,
lobiriwira, losongoka, losaposa chala changa chachipsera chija.
Elube akuti mlaza wokwana mkeka
tiudikire zaka zisanu ndi zitatu, mwina kuposa.
Ndinawerenga pa zala, ndinaleka.
Ndautchinga ndi njerwa zinayi ndi minga
chifukwa mbuzi za Che Ajibu
sizidziwa kuti uwu ndi mkeka.