Nyumba Yopanda Chomata

Nyumba ya mayi Addolorata ilibe simenti.
Oronzo anandiuza tsiku loyamba
akundipatsa nyundo yong'aluka mpini:
"Usafunefune chomata, palibe.
Kuno ku Puglia mwala umagwira mnzake
ndi kulemera kwake basi."

Makoma ndi awiri, lina m'kati mwa linzake,
pakati anathirapo zibenthu za m'munda
zimene pulawo inkapunthwa nazo.
Pakhomapo ndikhoza kugona chopingasa
mapazi osalendewera.
Ogasiti akamawamba mitengo ya azitona
m'katimu muli zii, ngati mumtsuko.

Denga limakwera mozungulira.
Mzere uliwonse umasuzumira m'kati
kuposa wapansi pake, zala ziwiri zokha,
mpaka patsale kabowo konga mbale
ndipo mwala umodzi ukatseke pakamwa.
Kunja timayala miyala yopyapyala, yopendekeka,
kuti mvula itsetsereke, ipeze ngalande,
ikagone m'chitsime pansi pa khitchini.

Lachitatu kunabwera mayi Laterza
a ku ofesi yosunga zakale,
nsapato zoyera, mapepala m'khwapa.
Zenera lisakulitsidwe.
Utoto ayi, laimu yekha.
Mwala wosweka ulowedwe m'malo ndi wa phiri lomwelo.
Mwini nyumba anamvetsera, manja m'chiuno:
"Ndinabadwira m'kangodya ako kopanda chitseko.
Lero ndikapemphe chilolezo ku Bari
kuti ndikhome msomali wa kalendala?"
Komabe anawafulira khofi.
Anamwa ali chiimire, onse awiri.

Ife tinakwera pa makwerero a miyala
otuluka m'khoma ngati mano.
Ndinkachotsa, Oronzo ankawerenga,
chifukwa mwala uliwonse uli ndi pake
ndipo ukauika pa mnzake umagwedera usiku.
Pamzere wachisanu ndi chinayi
dzanja langa linakhudza kansalu kofumbwa.
M'katimo munali dzino la mwana.
Limodzi. Laling'ono ngati njere ya mpunga.

Tinaitana. Mayi Addolorata analitembenuza pachikhatho,
nthawi yaitali ndithu.
"Si langa. Kapena la Nunzio,
amene anapita ku migodi ya ku Belgium osabwerako.
Kapena la wina wakalekale, ndani angadziwe."
M'mapepala a boma munalibe mzere wa mano.

Oronzo analikulunganso, nalibweza pomwepo,
kenako anandilozera mwala wanga woyamba.
Ndinausema mokhota, ndinkachita nawo manyazi.
"Koipako kalowe m'kati," anatero,
"nyumba yonseyi inamangidwa choncho."
Ndinauika. Unagwedera.
Ndinautembenuza. Unakhala phee.

Mvula inabwera Novembala, usiku.
M'mawa ndinapita kukaona.
Pansi panali pouma, mabeseni ali pakhoma,
ndipo mayi aja anagwada pakhitchini
khutu lili pa chivundikiro cha chitsime,
akundikodola kuti ndisaponde mwaphokoso.