Kambuzi Konyamula Nyali

Pa mzere wa usiku uno ku Niigata
wa imvi ndine ndekha.
Chipale chofewa chikugwa chammbali,
chikundilowa m'khosi mwakabisira,
ndipo sitolo atsegula seveni koloko m'mawa.
Mnyamata wa tsitsi lobiriwira ali patsogolo panga
wafunsa mwaulemu ngati ndikugulira mwana.
Ndati eya.
Ndanama.

Mwana ndilibe. Ndili ndi kambuzi konyamula nyali pakamwa,
kamene kanandipeza ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi,
Lachinayi madzulo, pa kanema wa m'chipinda choyala mphasa,
mchimwene wanga Naotaka atagona chafufumimba
akutafuna kolala ya malaya a sukulu.

Gemu yoyamba tinagula ndi ndalama za Chaka Chatsopano.
Tinasonkha tonse awiri,
koma dzina lolembedwa m'katimo linali lake,
zilembo zinayi, malo anali omwewo.
Ine mabatani ndinkawagwira
iye akalowa m'bafa basi,
ndipo ndinkapemphera kuti madzi asazizire msanga.

Zaka makumi atatu ndi zitatu zadutsa.
Nyumba ndasamuka kasanu, ntchito ndasintha kanayi,
mwamuna kamodzi.
Kambuzi kali pa makiyi anga,
utoto wa pamphuno unatha ndi chala changa.
Ku chipatala cha mano kumene ndimalembera mayina odwala
Dokotala Kuwabara akakaona amangopukusa mutu:
"Chizuru, mpaka liti?"

Musaganize kuti sikanandilakwirepo.
Gemu yachisanu ndi chiwiri inali mbola yeniyeni.
Anakakulitsa maso, anakameretsa mapiko.
Mbuzi ya mapiko!
Mayi amene ankakalankhulira m'katuni atapuma ntchito
anaikapo wina wa mawu oterera ngati sopo.
Ndinalembera kampani kalata ya masamba atatu,
ndinamata sitampa ndi mkwiyo.
Sanayankhe.
Yachisanu ndi chitatu itatuluka
ndinali pa mzere uno, pansi pa nyali yamsewu yomweyi,
ndikung'ung'udza, ndalama zili m'manja.

Naotaka tsopano amagulitsa inshuwalansi ku Nagoya.
Dazi, tayi, ana awiri okonda mpira.
Timaimbirana kawiri pachaka.
Amati, "Ukadasewerabe zijazi?"
ngati akufunsa za chifuwa chosamva mankhwala.

Chaka chatha kabatire ka m'kaseti yakale kanafa.
Ndinayatsa, nyimbo inalira bwinobwino,
koma dzina lake kulibe.
Mapanga onse amene tinalowa, mabelu amene tinatola,
zonse psiti.
Ndinakhala pansi m'khitchini mpaka firiji inasiya kulira n'kuyambanso.
Kenako ndinamuimbira, pakati pa sabata, nthawi ya ntchito.
Anakhala duu.
Ndinkamva mafoni akulira mu ofesi mwake.
"Ndinakasiya pa mlatho wa zingwe," anatero,
"nyali itatsala theka.
Ndinkati ndidzamaliza mayeso akatha."
Anatsokomola.
Anati kasitomala akudikira.

Tsopano ndi folo koloko.
Zala zakumapazi ndasiya kuzimva.
Mnyamata uja wagona chokhala, mutu pa chikwama changa,
ndipo sindikufuna kusuntha.
Asanagone anandiuza kuti iye anayambira pa yachisanu ndi chiwiri,
kuti mapiko aja ndi amene amawakonda.
Ndinaluma mlomo.
Ndinamugulira khofi wotentha wa m'chitini pa makina a pakona.

Galimoto yokankha chipale yadutsa kawiri.
Pa chitseko cha galasi kambuzi kakundiyang'ana,
chaka chino akakaveka chipewa,
sindikudziwa kuti maganizo amenewa anabwera ndi ndani,
ndiwalemberanso kalata.

M'thumba la jasi muli envelopu
ya ndalama zokwana gemu ziwiri
ndi kapepala ka keyala ya ku Nagoya.
Adzati alibe nthawi.
Adzati ana ake sakonda zoterezi.
Positi ofesi atsegula naini.