Kope la Ngongole

Ndili ndi kope pansi pa thebulo la tiyi,
kuno ku Mchinji, pomwe malole amagona pamzere
kudikira chidindo cha m'malire.
Kutsogolo ndimalembako amene sanalipire.
Kumbuyo ndimalembako mawu amene anandipusitsapo.

Loyamba ndinalipeza pa fomu ya bambo Chidzanja,
zilembo zinayi: make.
Ndinafunsa, make ndani?
Kalaliki anaseka mpaka tiyi kum'tayikira pa malaya,
ati m'Chingelezi akufunsa mtundu wa galimoto.
Koma ine ndinali nditamuona kale mayi wobereka mwana
ataima m'kabokosi kaja, kudikira kuti amulembe dzina.

Amansiyo wa ku Tete analowa m'mawa wina
akukuwa, moto! moto!
Ndinanyamula ndowa. Utsi kunalibe,
anali atam'bera mthuthuthu wake kuseri kwa sitolo.
Nditati khalani pano,
anandipatsira kansalu kopukutira makapu,
poti kwawoko pano ndi nsalu.
Tinkaseka mpaka mkaka kufufuma.

Koma tsiku limene anapinda buluku n'kundionetsa mwendo,
ine ndinati bala, iyenso anati bala,
zala zathu zikuloza malo amodzi.
Ine ndinkanena chilonda.
Iye ankanena chipolopolo
chimene chinam'tsalira m'katimo akadali mnyamata woweta mbuzi.
Apo sitinaseke.

Garikai wa ku Mutare atamwa kapu yachitatu
anandiombera m'manja: wagona!
Ine? Wodzuka tambala asanatsokomole?
Ndinam'landa supuni.
Pepani mayi, kwathu ndiye kuti mwakhoza.
Ndinam'bwezera supuni, shuga ayi.

Kenako Mrisho, wa lole ya mafuta, wa mpata m'mano.
Ndinam'funsa mocheza ngati ali ndi chuma.
Chambiri, anatero,
n'kunditsegulira bokosi la jeke, masipanala ndi unyolo,
poti chuma cha kwawo ndi chitsulo.
Ndikanamva pomwepo.
Koma ankabwera Lachiwiri lililonse lachitatu,
ndipo ankatsuka yekha kapu yake.

Chitenje chitayamba kukana kumangika
ndinam'lembera pa foni: uli kuti?
Anayankha liwu limodzi lokha: mbali.

Ndinam'siyira mbali ya kukhoma.
Ndinkagona m'mphepete ngati wobwereka mphasa,
mvula inagwa, fodya anakololedwa,
Lachiwiri linabwera n'kupita, kubwera n'kupita,
ine ndikuti munthu wanena yekha,
ali pambali panga, njira ndiyo yam'chedwetsa.

Anandimasulira ndi dalaivala wina wokalamba,
maso ali m'kapu, akutakasa shuga wosungunuka kale:
mwanawe, kwathuko mbali ndi kutali.

Zilembo zisanu zomwezo.
Palibe chimene anafufuta, palibe chimene anawonjeza.
Sindinganene kuti ananama.

Tsopano Tadziwana ali ndi zaka zinayi.
Amaima pakhomo kuwerenga mateyala,
akafika khumi n'kuyambiranso,
mpata uja uli m'mano mwake.
M'mawa ndimam'patsa mandasi otentha ndi kunena, kula.
M'kamwa mwanga ndikuti talika, limba, undipitirire.
M'kamwa mwa bambo ake ndikuti idya.
Mwanayo sasankha,
amangoluma, mafuta ali chuchuchu m'chigongono.

Liwu limeneli ndalilemba pakati pa kope,
pomwe pali timawaya tiwiri,
chifukwa sindikudziwa ngati ndi ngongole
kapena ndi chenje chimene wina anaiwala.

Malole ayamba kulira, chipata chatsegulidwa.
Pa tsamba lachisanu ndi chiwiri pakadali
Mrisho, tiyi khumi ndi anayi, mazira asanu ndi limodzi.
Bolopeni ndili nayo.
Madzi akuwira, wina akuitana kunja
m'chinenero chimene sindinachimvepo.
Ndikubwera.